Laisensi ya Nagiya

Kwawo ankamutchula kuti Ticha chifukwa anaphunzitsadi masamu zaka khumi ndi zinayi, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kudziko la eni, kumene ntchito yake inali yopinda nsalu za pabedi m'chipinda chochapira cha chipatala china chachikulu. Mkazi wake ankadziwika kuti Nagiya. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kuntchito kwawo kuja, kumene anayendetsa ambulansi zaka zisanu ndi zinayi osagunda ngakhale nkhuku. Anamwino ankati Nagiya akamasintha giya, wodwala amene wagona kumbuyo samva n'komwe.

Ticha naye anali ndi laisensi, koma yake inali yokongoletsa chikwama. Anamuphunzitsa ndi mkazi wake yemweyo pabwalo la mpira la pasukulu, ndipo anakhoza ulendo wachitatu. Akamapita ku ukwati kapena kumaliro, ankayendetsa ndi Nagiya, iye atakhala pambali atanyamula majuzi a ana. Anthu ankaseka, iye n'kumaseka nawo.

Atafika kudziko latsopanolo, ana atawasiya kwawo, anamva kuti lamulo limalola mlendo kusinthitsa laisensi ya kwawo ndi ya konko popanda mayeso, bola achite zimenezo miyezi khumi ndi iwiri isanathe. Umalemba fomu, kuikamo zithunzi ziwiri, kalata ya dokotala wa maso ndi laisensi yako yeniyeniyo, n'kutumiza pa positi. Nthawiyo ikakudutsa, umayambira pansi ngati mwana amene sanagwirepo chiwongolero.

Miyezi yoyambirira inathera pa kufunafuna nyumba ndi ntchito. Nagiya anapeza yokolopa panyumba yosungirako okalamba. Tsiku lina anabwera akumwetulira, nsapato asanavule n'komwe.

"Abambo, dalaivala wa minibasi ya agogo aja akupuma ntchito kumapeto kwa chaka. Abwana akuti ndikangobweretsa laisensi ya kuno, makiyi ndi anga."

"Mwawauza kuti munkayendetsa?"

"Aona okha. Dalaivalayo amavutika kulowetsa minibasi pageti chobwerera m'mbuyo, ine n'kumamukodola ndi mopu. Abwana atulukira akuti, mayi inu mukuzidziwa bwanji zimenezi?"

Lamlungu lomwelo anakhala patebulo n'kulemba mafomu. Envelopu ya Nagiya inanenepa kuposa ya mwamuna wake chifukwa laisensi yake inali ndi gawo la galimoto zikuluzikulu, ndipo inkafuna kalata inanso ya dokotala. Asanamate, Nagiya anayang'ana kakhadi kake kanthawi ndithu. Pachithunzipo anali wachitsikana, tsitsi atalimanga kumbuyo, nkhope ili gwa ngati wapolisi.

"Kakataika aka ndiye kuti ine ndatha," anatero akuseka. "Positi ofesi ili pafupi ndi kuntchito kwanu. Mukaponye nokha, musatume munthu."

Mwina zonse zikanayenda bwino pakanapanda Loweruka la dzulo lake. Tsikulo Ticha anapita kukameta kwa Tcheya, mkulu amene ankatsogolera kagulu ka anthu ochokera kwawo, yemwenso ankameta anzake m'khitchini mwake. Tcheya anali atakhala m'dzikomo zaka makumi awiri ndipo mkazi wake anamuchokera kalekale. Nkhani ya malaisensi itayamba, Tcheya anazimitsa makina ometera n'kuloza nawo Ticha pagalasi.

"Achimwene, ndikuuzeni monga wamkulu. Kuno mkazi akagwira chiwongolero, msewu woyamba kuudziwa ndi wotulukira. Wanga ndinamulipirira ndekha sukulu. Anakhoza Lachiwiri, Lachisanu anabwera kudzatenga mapoto."

Wina amene ankadikira pamzere anawonjezera: "A Ticha sadandaula zimenezo. Anazolowera mpando wa kumanzere."

Onse anafa nalo phwete. Ticha anasekanso monga ankachitira kwawo, koma kwawoko ankati akaseka, m'mawa mwake n'kukaima kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi limodzi amene ankaimirira iye akalowa. Kuno m'mawa mwake ankakapinda nsalu zimene ena agonera.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro anaima pamzere ku positi ofesi, maenvelopu awiri ali m'manja. Sanachoke kunyumba ataganiza choipa chilichonse. Koma atafika pakauntala, mayi wa pamenepo n'kufunsa kuti ndi zingati, pakamwa pake panatuluka mawu akuti imodzi. Dzanja lamanja linapereka envelopu yopyapyala, lamanzere linatsitsa yonenepayo n'kuibisa kuseri kwa ntchafu. Analandira lisiti n'kutuluka.

Panjira anadziuza kuti akufuna kungoonanso ngati kalata ya dokotala yasainidwa bwino, aponya mawa. Anaika envelopuyo mu lokala yake, kakabati kosungiramo zovala kuntchito, pansi pa ovolosi yosinthira.

"Mwaponya?" Nagiya anafunsa madzulo.

"Ndaponya."

"Zonse ziwiri?"

"Nanga ndikanasiyiranji imodzi?"

Mawa lija linafika, n'kudutsa. Sabata yoyamba ankati akatsegula lokala n'kumadziuza kuti aponya Lachisanu. Sabata yachitatu anayamba kuopa china: akaponya tsopano, chidindo cha positi chidzaonetsa tsiku, ndipo makalata obwera adzasiyana masiku kwambiri, Nagiya adzafunsa. Anayamba kupachika jekete yake pamsomali wa kuseri kwa chitseko kuti asamatsegule lokala kawirikawiri. Zengerezu adalinda kwawukwawu, iye mwini ankawauza ana a sukulu mawu amenewa akachedwa kupereka ntchito.

Patatha milungu isanu laisensi yake inafika. Nagiya ndiye anaitulutsa m'bokosi la makalata, ndipo anaivinira pakhonde ngati yake.

"Yanga ili m'njira. Paja yanga ndi ya akuluakulu, ayenera kuiunika bwino."

Anagula kagalimoto kakale kwa mnzake wa Nagiya wa kuntchito. Ticha ankayendetsa atakumbatira chiwongolero, khosi litatalika ngati akusuzumira pampanda. Pa maloboti galimoto inkamuzimira, a kumbuyo n'kumaliza mahutala. Nagiya ankakhala pambali manja atapinda, koma phazi lake lamanja linkaponda buleki imene panalibe, ndipo Ticha ankaliona phazilo ndi ngodya ya diso. Tsiku lina anakhulitsa chitseko pachipilala cha pamalo oimikapo galimoto. Nagiya anatuluka, anapukuta pokhulikapo ndi chala, n'kunena mofatsa kuti, "Ndi penti chabe. Ulendo wina muziyamba kukhota galasi likangodutsa chipilala." Akanakalipa, mwina Ticha akanapeza pogwira. Kufatsako ndiye kunkamuwotcha.

M'mawa uliwonse Nagiya ankatuluka ndi ambulera kupita pasiteji, kukakwera mabasi awiri. Akabwera, asanalowe m'nyumba, ankayamba watsegula bokosi la makalata. Ticha akakhala kuti waweruka msanga ankamva kulira kwa kakiyi kaja ali m'khitchini, kenako kachetechete, kenako mapazi akukwera masitepe pang'onopang'ono.

Mwezi wa khumi ndi chiwiri unatha Lachinayi. Ticha ankalidziwa tsikulo ngati tsiku lake lobadwa. Nthawi ya nkhomaliro anatsegula lokala, anatulutsa envelopu, anafika nayo mpaka pakhomo la chipatala. Kunja kunkagwa mvula. Anaima pamenepo akuwerengera zimene adzanene chidindo chikadzamuulula, mpaka nthawi yopuma inatha. Anabwerera kukaibweza pansi pa ovolosi, ndipo masana onsewo anapinda nsalu mokhota moti kapitawo anamubwezera mulu wonse.

Kumapeto kwa chaka dalaivala wa minibasi uja anapumadi. Abwana anadikira milungu itatu, kenako analemba munthu wina. Nagiya anangonena zimenezi akusenda anyezi, osatembenuka. Kenako anati, "Lachitatu ndapempha tchuthi. Tipite ku ofesi ya malaisensi tikamve."

Ofesiyo inali pansanjika yachiwiri, ya mipando ya pulasitiki yolumikizana ndi makina otulutsa timapepala ta nambala. Anadikira ola ndi theka. Ticha anatsegula pakamwa kawiri, ndipo kawiri konse anangofunsa ngati mkazi wake akufuna madzi. Nambala yawo itaitanidwa anapeza kalaliki wachizimayi wa magalasi, wa imvi zochepa. Analemba dzina la Nagiya pa kompyuta, analembanso ndi tsiku lobadwa, anapukusa mutu.

"Kuno sikunafike kanthu m'dzina limeneli."

"Tinatumiza tsiku limodzi ndi ya bambowa," Nagiya anatero. "Yawo inabwera."

"Zimachitika kuti kalata yasochera. Ngati muli ndi lisiti ya positi yosonyeza kuti munatumiza nthawi isanathe, tikhoza kukuthandizani. Ingofunikanso kalata yochokera kwanu yotsimikiza kuti laisensiyo inalipodi."

Nagiya anatembenukira mwamuna wake. "Lisiti ija muli nayo?"

Inali m'chikwama chake, kuseri kwa laisensi yatsopano, ndipo inkanena poyera kuti kalata inali imodzi.

"Ndikayang'ana kunyumba," anatero.

Kunyumba anakhuthula madirowa onse, Nagiya akumuthandiza, kufunafuna chinthu chimene chinali m'thumba lake la kumbuyo. Atatopa, Nagiya anakhala pabedi n'kuimbira achimwene ake kwawo, bambo wachikulire wovutika bondo, kuwapempha kuti akayambe kuyenda m'maofesi kufuna kalata ija. Ticha ankamva mawu a alamu akewo pafoni: "Usadandaule, mlongo wanga, ndipita mawa m'mamawa. Alamu asadzimve kulakwa, mapepala amasowa." Ndipo Nagiya anayankha kuti, "Iwowa ndiye akudandaula kuposa ine. Sakudya n'komwe."

Alamuwo anayenda masiku atatu. Tsiku loyamba anapeza makina sakugwira, lachiwiri wosaina kunalibe. Lachitatu anatumiza chithunzi ali pabenchi, mwendo atautambasula, ndodo ili pambali, akumwetulira ndi kapepala m'manja. Nagiya anamuonetsa Ticha chithunzicho pa chakudya cha m'mawa. Ticha anachiyang'ana, anaika kapu pansi, tiyi osamaliza.

Tsiku lomwelo anabwera nayo envelopu. Inali itapindika ngodya ndipo inkanunkha sopo wa kuchochapira. Anapeza Nagiya akusita yunifolomu yake yokolopera. Anaiika patebulo lositira, pafupi ndi dzanja lake.

Nagiya anaimika simbi. Anawerenga adiresi yolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Anaitembenuza n'kuona kuti ndi yomata monga anaimatira, yopanda sitampa.

"Yabwerera?"

"Sinapite."

"Munaiwala?"

Khomo lothawira linali limenelo, ndipo mkazi wake ndiye anamutsegulira. Ticha anayang'ana pansi.

"Sindinaiwale. Ndinaisunga dala."

Anafotokoza zonse, za kwa Tcheya, za pakauntala, za Lachinayi la mvula lija, za lisiti. Pamene ankazinena zinkamveka zazing'ono ndi zopusa kuposa mmene zinkalemerera mumtima. Nagiya anazimitsa simbi pakhoma, anang'amba envelopu bwinobwino m'mbali, anatulutsa kakhadi kake n'kukaika m'thumba la diresi. Sanalire ndipo sanakweze mawu.

"Mukudziwa chimene chikundiwawa?" anatero. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikudana ndi anthu osalakwa. Ndimati anthu a kuno aona kuti ndine mkazi, ndine mlendo, ataya pepala langa m'bini. Wa positi uja ndinasiya kumupatsa moni. Mayi wa ku ofesi uja ndinamutukwana mumtima njira yonse. Agogo amene ndimawakolopera, ena ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina. Pamene mdani ndimamuphikira ndekha."

"Mayi, ndalakwa. Ndinaopa kuti..."

"Kuti ndithawa? Ndinayendetsa zaka zisanu ndi zinayi, tanki yodzadza, msewu uli pululu. Ndinkabwera kwa ndani?"



"Achimwene muwaimbire nokha," anatero Nagiya. "Ine pakamwa panga sipangathe."

Anawaimbira. Alamuwo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Kenako anapuma mozama n'kunena kuti, "Alamu, ine bondoli lipola. Koma mwachita zachibwana, munthu wophunzitsa ana." Anadula foni asanatsanzike.

Sabata yotsatira Ticha anabwerera yekha ku ofesi ija. Anasiya nambala ziwiri zimudutse kuti agwere kwa kalaliki wa magalasi yemwe uja. Anaika lisiti pakauntala n'kunena kuti positi sinataye kanthu, mkazi wake analemba zonse nthawi yake, wolakwa ndi iye, ndipo ngati n'kotheka alande laisensi yakeyo apereke kwa mwini luso.

Mayiyo anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, laisensi si jekete yoti mungabwerekane. Yanu ndi yanu. Ya akazi anu nthawi inadutsa, ndipo ine ndilibe bokosi lolembamo zimene mwandiuzazi." Anatsegula dirowa n'kutulutsa kabuku ndi fomu. "Ayambe ndi mayeso olemba. Akakhoza, aziyendetsa ndi chikwangwani cha wophunzira, pambali pali munthu wa laisensi ya zaka zoposa zitatu. Zaka za kwanu zimawerengedwa, ndiye inuyo mukukwanira." Anamukankhira mapepalawo. "Awa ndiye mukapereke."

Nagiya analandira kabukuko. Ankawerenga m'basi ndi pa nthawi yopuma, ndipo mayeso olemba anakhoza osaphonya funso. M'nyumba ankalankhula zofunika zokha: mafuta atha, ana aimba foni, zinyalala ndi mawa. Ankaphika monga kale, ankachapa monga kale, koma nthabwala zake zonse ankazisungira pafoni akamacheza ndi ana, ndipo Ticha ankazimvera kuchipinda china.

Loweruka lina m'mawa Nagiya anamupatsa chikwangwani chofiira kuti amate kumbuyo kwa galimoto. Ticha anachimata, n'kukakhala mpando wa pambali monga woyang'anira wophunzira. Nagiya anakonza mpando, anakonza magalasi, anayatsa injini n'kumvetsera kaye.

"Kilatchi mwaimaliza," anatero, ndipo kagalimoto kaja kanatuluka pakati pa zipilala ngati kathiridwa mafuta.

Anayenda choncho Loweruka lililonse kwa miyezi itatu. Ticha sanapezepo chonena ngakhale kamodzi. Tsiku lina ataima pa maloboti, galimoto ya Tcheya inaima pambali pawo. Tcheya anatsitsa galasi, anayang'ana chikwangwani, n'kufuula moseka: "Ndiye mwaganiza zowaphunzitsa ndithu, achimwene? Musadzati sindinanene."

 Ticha anatsitsa galasi lake.

"A Tcheya, amene anandiphunzitsa ine ndi awa. Chikwangwanichi chili apa chifukwa ine ndinabisa mapepala awo."

Loboti inasintha. Nagiya ananyamuka osayang'ana kumbali. Atadutsa misewu iwiri anati, "Simunafunike kuwauza. Mawa gulu lonse likhala likutitsukira m'kamwa."

"Azinena za ine."

"Azinena za tonse. Inu mukaulula mumapepukidwa, katundu n'kutsalira ine."

Ticha anadziwa kuti zinali zoona.

Mayeso a pamsewu anagwa Lachiwiri m'mawa. Ticha anati apempha tchuthi amuperekeze, Nagiya anakana. Anati apita ndi mnzake wa kuntchito, mayi wina wophika amene ali ndi laisensi. Tsiku lonse Ticha anapinda nsalu foni ili m'thumba la pachifuwa, akuitulutsa makina akangoima. Uthenga sunabwere. Cha m'ma fili koloko mwana wawo wamkazi analemba kuchokera kwawo: Adadi, mwamva? Amami akhoza, woyesa akuti sanapeze cholakwika chilichonse. Anawerenga kawiri, anakalowa m'chipinda chosinthira n'kukhala pabenchi kanthawi, manja atagwira kumaso.

Anakwera basi kubwerera kunyumba. Galimoto anaipeza pamalo pake, itaima mowongoka pakati penipeni pa mizere. Nagiya anali m'khitchini akudula kabichi, wailesi ikulira motsitsa.

"Ndamva," Ticha anatero ali pakhomo. "Mwachita bwino, mayi."

"Ndi ya galimoto zazing'ono zokha. Ya minibasi akuti ndidikire zaka ziwiri, kenako mayeso ena."

"Zaka ziwiri."

"Ee. Ziwiri." Anakokolola kabichi ndi mpeni kumuthira m'poto. "Kuyambira mawa galimoto ndizitenga ine. Kuntchito kwanu kumapita basi imodzi, kwanga awiri."

"Chabwino."

"Sambani m'manja mudzadule tomato. Ali m'firiji, pansi."

Ticha anavula jekete, anasamba m'manja, anatenga tomato atatu ndi mpeni wawung'ono. Nagiya anasuntha pang'ono kumupatsa malo patebulo, ndipo anaima moyandikana akudula, wina aliyense maso pa mpeni wake.